Apongozi Kumpando wa Kumbuyo

Ine kuyendetsa galimoto sindiopa. Ndayendetsapo pa msewu waukulu wa Beltway kuno ku America chipale chikugwa, ndayendetsapo nditagwira mashifiti awiri osatsinzinako. Koma Loweruka lija ndinalowa m'galimoto ndili ndi mantha, ndipo chondiopsa sunali msewu ayi. Anali munthu amene anakhala kumpando wa kumbuyo: a Chisale, apongozi anga aamuna, bambo wake wa mwamuna wanga Yamikani.

Ndiyambe ndi chimene chinatiyendetsa. Yamikani anapita kukasaina ku ofesi ya imigireshoni monga ankachitira chaka ndi chaka, nkhani ya mapepala ake ikadali m'khoti. Anatuluka m'nyumba mwathu ku Hyattsville atavala yunifolomu, ati akachoka kumeneko alunjika ku shifiti. Sanabwere. Patapita masiku anayi apongozi anatera pa bwalo la ndege kuchokera kumudzi, pa tikiti imene tinagula kalekale, kudzaona mwana amene anali asanamuone zaka khumi ndi chimodzi. Anapeza ine ndi mdzukulu wawo Tadala tili chiimire ndi maluwa m'manja ngati zitsiru.

Masabata atatu tinkangouzidwa kuti dikirani. Yamikani anaimbako kawiri kokha, ndipo maulendo onse awiri foni inandipeza kuntchito ndikusambitsa agogo a eni ake, apongozi ali kunyumba. Choncho ngakhale mawu ake anali asanawamve. Kenaka loya anatiuza kuti amusunga ku malo ena a m'mapiri a ku Pennsylvania, ndipo alendo amaloledwa Loweruka masana, ola limodzi, pagalasi. Ndege ya apongozi yobwerera kumudzi inali Lolemba. Loweruka linali limenelo basi, lina kunalibe.

Tsono amene simunaleredwe ngati ine mwina museka. Kwathu ku Dowa mtengwa sakhalirana pafupi ndi apongozi aamuna. Sudya iwo akuona, suwayang'ana m'maso, ndipo nkhani yolemera suwauza ndi pakamwa pako, imadzera kwa ankhoswe. Ndakhala ku America zaka khumi ndi zitatu, ndimatsutsana ndi madokotala m'Chingerezi, koma chimenechi sichinandichoke. M'nyumba mwathu mwa zipinda ziwiri ndinkadyera kukhitchini choimirira, masabata atatu onsewo.

Ankhoswe athu kuno ndi a Kalua a ku Laurel, mkulu wa mpingo, ndipo tinapangana kuti tipitira limodzi. Tinafika pakhomo pawo seveni koloko. Anatuluka atavala zakuntchito, baji ili pakhosi, ine mtima unangoti phwii.

"Mayi a Tadala, pepani," anatero. "Kuntchito anthu atatu sanabwere. Amva kuti magalimoto a imigireshoni aja akuzungulira, ndiye aliyense wadzitsekera m'nyumba. Okalamba makumi awiri alibe wowadzutsa. Ndikakana, ntchito yatha."

"Nanga ine ndiyenda bwanji ndekha ndi bambo?"

"Ndi msewu chabe, mayi. Inu kutsogolo, iwo kumbuyo. Chovuta n'chiyani?"

Tadala tinamusiya kwa mayi Kalua. Anawakumbatira agogo ake n'kuwauza m'Chingerezi chake chija kuti akawauze adadi kuti dzino lija linatuluka. Apongozi analemba zimenezo m'kabuku kawo, mawu ndi mawu. Anali atavala suti ndi tayi, ndipo pamiyendo anasenza chitini cha mtedza wokazinga umene apongozi aakazi anatumizira mwana wawo. Ndinadziwa kuti kundende za kuno salola chakudya, si ngati kwathu kumene umapita ndi kontena. Koma kuwauza ndani? Ndinangoti tikaona komweko.

Tisanafike Frederick tinakumana ndi mzere wa magalimoto wosaoneka kothera. Lole ina inagubuduka kutsogolo, ndiye tonse tinkakwawa ngati nkhono. Mphindi makumi anayi tili malo amodzi. Chete wa m'galimoto anayamba kundilemera, ndinatsegula wailesi. Ha, bola ndikadasiya! Amuna awiri ankakalipirana pa nkhani yoti mwana wobadwira kuno kwa makolo obwera akhale nzika kapena ayi. Wina ankati lamulo linalembedwa kale, wina ankati olembawo sankaganiza za anthu ngati ife. Ndinaganiza za Tadala ndi dzino lake, ndinazimitsa.

Apongozi anaphunzitsa histore ku sekondale zaka makumi atatu, ndipo mphunzitsi sapuma pantchito, amangosowa kalasi. Anapeza kabuku kanga ka mafunso a mayeso a unzika m'thumba la mpando. Ndinamva akutsokomola.

"Mayi a Tadala, funso loyamba," anayankhula moyang'ana pawindo, monga mwa ulemu wake. "Akati dziko likulamulidwa ndi malamulo, akutanthauzanji?"

"Kuti palibe amene ali pamwamba pa lamulo, bambo."

"Mwakhoza. Nanga amene ali pansi pake penipeni, woti lamulo silimuona n'komwe, alipo?"

"Limenelo mulibe m'kabukumo."

"Eya, mulibe. Funso lachiwiri. Mfundo yoti munthu asatsekeredwe popanda kuweruzidwa inayambira kuti?"

Ndinati sindikudziwa. Ndinawaona pakalilole akukhala bwino, nkhope itawala koyamba chifikireni. Anandiuza za mfumu ina ya ku Mangalande, zaka mazana asanu ndi atatu zapitazo, imene inkagwira anthu mmene yafunira mpaka nduna zake zinatopa nayo. Zinaikokera padambo m'mbali mwa mtsinje n'kuikakamiza kudinda chikalata chonena kuti mfulu isagwidwe kapena kupirikitsidwa m'dziko popanda mlandu kuzengedwa.

"Ndinkachiphunzitsa chaka chilichonse," anatero. "Ndinkauza ana kuti chikalata chimenecho chinawoloka nyanja n'kudzamera kuno. Yamikani anali m'kalasi mwanga, anakhoza funso limenelo. Nditamva kuti akubwera ku America ndinati, pita mwana wanga, kumeneko munthu sasowa ngati mbuzi."

Kenaka anawonjezera chapansipansi kuti panali zinthu ziwiri zimene sankawauza ana, chifukwa sizinkabwera pa mayeso. Choyamba, mfumuyo inachikana chikalatacho miyezi itatu isanathe. Chachiwiri, mawu akuti mfulu sankakhudza anthu olima m'minda ya mabwana, amene anali ochuluka.

Titadutsa Frederick msewu unatseguka, koma pofika Hagerstown kanyali ka tayala kanayaka. Ndinatukwana chamumtima, ndinapatukira pa filing'i siteshoni. Pampu ya mpweya inameza makobidi anga n'kungoti zii. Ndili m'kati moimenya ndi dzanja panabwera mzungu wina wamkulu thupi, wandevu, atatsika m'pikapu yodzaza mbendera ndi zomata. Chomata china chinkanena poyera kuti obwera onse abwerere kwawo. Ndinauma. Iye sanafunse kanthu. Anatenga pampu yake m'galimoto, anagwada pansi, anapopa tayala langa, anayeza ndi ena atatu aja. Pomaliza anawapatsa moni apongozi mwaulemu n'kuwayamikira tayi.

"Munthu wabwino," anatero apongozi atachoka. "Sindikudziwa ngati akudziwa kuti chomata chija chikunena za ife. Mwina akudziwa. Zimenezo ndiye zimandiopsa."

Njala inali itandigwira, mimba ikulira moti ndinkaopa kuti akumva. Ndinawagulira tiyi ndi banzi n'kuwapatsira pakhomo la galimoto ndi manja awiri, ine ndinakadyera mandasi anga m'chimbudzi cha akazi, nditaimirira pafupi ndi chowumitsira manja. Mayi wina anandiyang'ana ngati wamisala. Ndinati yang'anani mayi, inu apongozi anu mumawaitana ndi dzina.

Tinafika Breezewood leveni koloko itadutsa. Ndi kamalo kosakongola, mafiling'i siteshoni okhaokha ndi malole, kumene msewu waukulu umakutaya pa maroboti usanalowe wina. Ndili pa roboti foni inalira, dzina linatuluka pa sikirini ya galimoto: Mutinta. Ameneyu ndi mnzanga wa ku Zambia, timaimba limodzi kwaya, amagwira ntchito ku banki yaikulu ku Foggy Bottom. Ndiye anatipezera loya, ndipo m'mawa uliwonse ankayang'ana dzina la Yamikani pa kompyuta ya boma yosonyeza kumene munthu wasungidwa. Foni yanga imalumikizana yokha ndi sipika ya galimoto, choncho mawu ake anadzaza galimoto yonse.

"Iwe, uli pati? Uli na ba tata mu motoka?"

"Ndili nawo."

"Imilira. Choka panja, nifuna nikuuze ka nkhani ka kwaya."

Mutinta sanayambe wandiimitsa pamsewu chifukwa cha kwaya. Ndinaimika pafupi ndi malole, ndinatuluka, ndinapita kuseri kwa chimgolo cha zinyalala.

"Mwana, limba," anatero. "Zina yake yasoba pa kompyuta. Natumila loya foni. Akamba ati bamuchosa kuseni-seni, m'mamawa, bamupeleka ku ndeke. Na ndeke yamene iyo siyenda ku Malawi. Ni ku chalo china, loya akalibe kuziba ni kuti."

"Dziko lina bwanji? Munthu wa ku Kasungu akatani ku dziko lina?"

"Ndiye vamene bachita masiku ano. Bwelela chabe, kulibe chamene uzapeza uko. Bauze ba tata."

Ndinakhala pansi pa simenti. Ndinalira, koma mwakachetechete, chifukwa galimoto inali pafupi. Bauze ba tata! Kunena n'kosavuta. Ine, mtengwa, ndikatsegule chitseko pakati pa malole ndi fungo la dizilo, ndiyang'ane munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri wodwala BP, ndinene kuti mwana wanu amutaya kumene sitikukudziwa? Kwathu ngakhale maliro sawanenera panjira. Munthu amamufikitsa kaye, amamukhazika pansi, akulu anzake ndiwo amamuuza.

Ndinaimbira a Kalua. Foni inali yozima, ili mu loka kuntchito. Ndinaimba kanayi. Ndinaimbira abusa, anali akudalitsa ukwati ku Baltimore. Ndinatumiza mauthenga kuti chonde imbani msanga, muyankhule ndi bambo. Kenaka ndinadziuza bodza limene ndinkalifuna: mwina kompyuta yalakwitsa, mwina loya wamva za munthu wina. Ndipitirire pang'onopang'ono, a Kalua akatuluka pa buleki aimba, awauza mwa dongosolo. Ndinapukuta m'maso ndi mpango, ndinabwerera.

"Za kwaya zili bwanji?" anafunsa apongozi.

"Asintha nyimbo ya mawa, bambo."

Tinalowa msewu wopita kumpoto. Mapiri, mitengo, nkhokwe zazitali za alimi, sindinaone bwino chilichonse. Apongozi ndiye anali atamasuka, mwina chifukwa cha tiyi, mwina chifukwa tinkayandikira. Anandifunsa za nkhondo imene anthu a dziko lino anamenyana okhaokha chifukwa cha ukapolo, poti tinali titadutsa zikwangwani za mabwalo ake. Ndinkayankha mwachisawawa. Anandidzudzula kuti ndikatero ndikalephera mayeso. Kenaka anasiya kabuku kaja.

"Mayi a Tadala, Yamikani anakuuzanipo za achimwene anga a Lufeyo?"

"Ayi, bambo."

"Sangakuuzeni, anali asanabadwe. Inali nthawi ya chipani chimodzi. Anali kalaliki pa boma. Tsiku lina anapita kuntchito ndi njinga, njinga inabwera, iwo ayi. Mlandu panalibe, khoti panalibe. Mayi anga anayenda ndende zitatu ndi ufa pamutu. Pamene achimwenewo anamwalirira m'ndendemo, mudzi wonse unadziwa sabata yathunthu mayi asakudziwa. Aliyense ankadikira munthu woyenera kuwauza. Iwo ali kalikiliki kusinja ufa wa ulendo wina."

Ndinatsegula pakamwa, Mulungu ndi mboni, ndinatsegula. Mawu anakana kutuluka.

Nthawi yomweyo foni inalira. Pa sikirini panatuluka nambala yachilendo, ya dera limene sindinalidziwe. Sinali ya kundende ija, imeneyo ndinali nditaisunga. Ndinaganiza kuti ndi ofesi ya loya, kapena a boma, ndipo ndikangodina, mawu a mzungu adzaza galimoto yonse n'kuwakhuthulira apongozi nkhaniyo yosaphika, ine ndili pa liwiro pakati pa malole. Ndinadula.

"Simuyankha?"

"Ndi otsatsa malonda, bambo. Amavutitsa."

Sipanathe mphindi ziwiri, inaliranso. Nambala yomweyo. Inalira, inalira, apongozi akuyang'ana sikirini kuchokera kumbuyo. Ndinadulanso, n'kuichotsa pa sipika.

Malowo tinafika wani koloko itangodutsa. Mpanda wa waya, nyumba zazitali zopanda mawindo, malo oimika magalimoto odzaza ndi anthu a mitundu yonse atavala bwino ngati akupita ku tchalitchi. A Kalua anali asanaimbe. Apongozi anakonza tayi, anatenga chitini chawo, anatsogola. Ine ndinkatsatira m'mbuyo ngati wopita kokaphedwa.

Pawindo panali mtsikana wa yunifolomu akutafuna chingamu. Choyamba analoza chitini n'kunena kuti chimenecho sichilowa. Apongozi anapereka pasipoti, anatchula dzina la mwana wawo momveka bwino, chilembo ndi chilembo, ngati akuitana rejisitala. Mtsikanayo anadina kompyuta, anati munthuyo kulibe, anachotsedwa m'mawa. Apongozi anafunsa kuti wapita kuti. Mtsikanayo anati sakudziwa, ndipo ngakhale akadadziwa sakadanena. Kenaka anaitana wotsatira.

Nkhani imene ndinaisenza maola awiri kuti isawagwere mwachipongwe inawagwera choncho, pawindo, kuchokera kwa mwana wotafuna chingamu, pamaso pa mzere wonse.

Sanagwe. Anatembenuka, anayenda mpaka pa galimoto, anatsamira chitseko. Pamenepo foni inalira, ulendo uno loya weniweni. Ndinayankha ndili chapatali. Anati wayankhulana ndi Yamikani kwa mphindi imodzi. Asanawakweze ndege anawalola kuimba, pa foni ya pamalo pamene anawasonkhanitsa. Anati Yamikani anayamba waimbira ine kawiri, chifukwa ankadziwa kuti lero ndili ndi bambo ake m'galimoto ndipo ankafuna kuwamva mawu. Itakanika, mphindi yotsalayo anaimbira loya. Dziko limene akupita ngakhale Yamikaniyo sanauzidwe.

Sindikumbukira kuti ndinayenda bwanji kufika pamene anaima. Ndinagwada pa phula, pamaso pawo penipeni, ndinawayang'ana m'maso koyamba chikwatiwireni.

"Bambo, ndinadziwa. Ndinadziwira ku Breezewood. Sinali nkhani ya kwaya. Ndipo foni ija ndinadula kawiri ija sanali amalonda. Anali Yamikani. Amafuna inu."

Ndinkafuna andikalipire, anditukwane, andimenye ndi chitinicho. Sanatero.

"Munadikira ankhoswe," anatero.

"Eya, bambo."

"Munachita monga anakulererani. Mwandilemekeza, mayi. Mwandilemekeza mpaka mwandimana mwana wanga."

Analibe ukali m'mawu mwawo, ndipo chimenecho ndicho chimandipweteka mpaka lero. Anapempha foni. Anavala magalasi, anapeza nambala ija, anailemba m'kabuku pansi pa uthenga wa dzino la Tadala. Anaimba. Inayankha makina, kunena kuti nambala imeneyi silandira mafoni. Anaimbanso, anamvetsera makinawo mpaka kumapeto.

Mtedza anaupereka kwa mayi wina wa Chisipanishi amene anakhala m'galimoto yoyandikana nafe ndi ana atatu, nayenso atabwezedwa pawindo. Sanamvane chinenero. Anangomuikira chitinicho m'manja.

Pobwerera sanapite kumpando wa kumbuyo. Anatsegula chitseko cha kutsogolo, anakhala pambali panga, phewa ndi phewa, chinthu chimene kwathu sichichitika. Anandiuza kuti ndibwezere foni pa sipika ndi kukweza voliyumu mpaka kumapeto. Kenaka anaifumbata ndi manja awiri pamiyendo, pamene panali chitini paja.

Tinadutsa Breezewood osaima. Pa Hagerstown kanyali ka tayala kanayakanso, ndinangokasiya. Kabuku ka mafunso kanali pansi, palibe anakatola. Chakumadzulo, tikuyandikira Frederick, foni inalira, apongozi anadina msangamsanga dzina asanaliwerenge.

"Yamikani?"

"Ndine Kalua, bambo. Ndangotuluka kumene. Ndaona mauthenga a mayi a Tadala. Pali nkhani ina yofunika tikhale pansi, ndikufotokozereni bwinobwino."

"Zikomo a Kalua," anatero apongozi. "Dulani, mwana angaimbe."

Anaigwira choncho mpaka ku Laurel, anaigwira Lamulungu lonse osapita ku tchalitchi. Lolemba anandibwezera pa bwalo la ndege, pa mzere pamene operekeza amathera, ili yofunda ndi manja awo. Anati ikalira nambala yachilendo ndiyankhe, kaya ndili ndi ndani, kaya ndili pati.

Ndimayankha zonse tsopano. Amalonda a inshuwalansi, ofunsa za chisankho, makina onena za ngongole za anthu ena, ndimawamvera mpaka amalize. Miyezi isanu yatha.